Mphindi 58 za Bambo

Lille, 19 Meyi

Okondedwa achemwali anga a Maryse,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Bondo lija lasiya kukuvutitsani, kapena mukungolimba mtima monga mwa masiku onse n'kumanamizira nyengo? Nanga alamu anga a Hervé chifuwa chija chinatha? Ndamva kuti kumeneko chipale chofewa chinagwanso kumayambiriro kwa mwezi uno, ng'ombe zitatsala pang'ono kukwera kumapiri. Ine kuno ndili bwino, kungoti maso ayamba kundinamiza. Ndagula magalasi owerengera, ndipo ndikawavala ndimafanana ndi malemu amayi akamafufuza mayina a omwalira m'nyuzipepala.

Musaseke kuti munthu wa mafoni akulemba kalata ndi cholembera. Ndayesa kawiri kukuimbirani, koma inu simulola munthu kumaliza zimene akunena, ndipo nkhani iyi ikufunika kuti ndiinene yonse popanda kundidula. Ndi nkhani ya bambo. Ndikudziwa kuti mwezi watha anakuuzani kuti akupita ku Clermont kukaonetsa maso ndipo akakhalako sabata. Ku Clermont anangodutsako. Sabata yonseyo anali kuno kwa ine. Khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto, mukalipe pambuyo pake.

Mukukumbukira mmene tinayambira ine ndi mnzanga Driss zaka 16 zapitazo. Munabwera kamodzi kudzationa, n'kunena kuti khola la akalulu la agogo linali lalikulu kuposa shopu yathu. Simunaname. Kanali kachipinda pansi pa masitepe a telala, pafupi ndi msika wa Wazemmes. Tinali ndi tebulo limodzi, nyale imodzi ndi ketulo yomwe inkatigwira shoko tikaiwala kuvala nsapato. Lamlungu msika ukadzaza, mzere wa anthu unkafika mpaka kwa wowotcha nkhuku. Tinkakonza chilichonse chimene munthu wabwera nacho: mafoni a mabatani, mawailesi, makina ometera, ngakhale zidole za ana. Tsiku lina mayi wogulitsa nsomba anabweretsa foni imene inagwera m'ndowa yake. Tinaikonza, koma shopu inanunkha masiku atatu, Driss n'kumauza aliyense wolowa kuti limenelo ndi fungo la ulemerero.

Masiku amenewo ndimawasowa, achemwali. Ndinkabwerera kunyumba zala zitapsa, msana ukuwawa, koma ndinkadziwa nkhope ya aliyense amene ndamuthandiza tsikulo.

Pano tili ndi mashopu 63. Munthu akafuna kutsegula shopu ndi dzina lathu amabwera kuno, amaphunzira masiku asanu, kenako amayesedwa. Akakhoza timamupatsa chikwangwani, matebulo oyera ndi malaya obiriwira. Mukalowa m'shopu yathu ku Brest kapena ku Strasbourg mupeza zofanana, mipando yomweyo, moni womwewo woloweza pamtima. N'chifukwa chake bambo amatitcha zinkhwe. Kachipinda kathu kakale kaja pano akugulitsamo ndudu zamagetsi, ndipo ndikamapita kumsika ndimadzera msewu wina.

Driss ali ndi ofesi ya magalasi okhaokha, amadya masamba osaphika m'kabokosi, ndipo pakhoma pake pali mapu a dziko lonse obayidwa timaphini tobiriwira. Musamuone ngati munthu woipa. Mpaka lero amanditchula kuti wakumapiri, ndipo ndi iye amene anandiperekeza pa galimoto yake ulendo wonse wa kumaliro a amayi. Kungoti akaona malo opanda phini pa mapu paja, tulo sabwera.

Ine ndatha zaka 11 osagwira chowotcherera mawaya. Ntchito yanga ndi kuphunzitsa ndi kuyesa anthu ofuna mashopuwo, wotchi ili m'manja. Malamulo akuluakulu ndi awiri. Loyamba, kusintha galasi ndi batire la foni kusapitirire mphindi 40. Lachiwiri, gwira chokhacho chalembedwa pa kapepala ka ntchito. Ukapeza vuto lina m'kati usalikhudze. Lemba, tseka foniyo, ika m'bokosi, tumiza ku likulu. Lamulo lachiwirili ndinalemba ndine ndi dzanja langali, pamene mashopu anafika khumi ndipo ena amene tinawapatsa dzina lathu anayamba kuotcha mafoni a anthu poyesa zimene sakuzidziwa. Nthawi imeneyo linali lanzeru, ndipo mwina likadali lanzeru.

Tsono kulakwa kwanga kunachitika mu Januwale. Chaka chilichonse eni mashopu onse amasonkhana kuno, kudya ndi kuombera m'manja. Chaka chino anati ine ndiyankhule poti ndine wakale kuposa onse. Ndinali nditamwa matambula awiri a vinyo, ndipo mukudziwa kuti kwathu awiri ndi okwanira kumasula lilime. M'malo monena za kampani, ndinayamba kunena za bambo. Ndinawauza kuti kwathu ku Saint-Flour munthu sataya chinthu. Ndinawauza za Loweruka la msika, alimi akutsika kumidzi wailesi ili m'khwapa, ena kanema atamukulunga m'bulangete ngati wodwala, onse atandanda pakhomo pa shopu ya bambo isanatsegulidwe n'komwe. Ndinati zaka 48 bambo akhala akuphunzitsa tauni yonse kuti chowonongeka chimakonzedwa. Anthu anaomba m'manja ataimirira. Driss anapukuta misozi n'kundikumbatira.

Patatha masabata atatu ndinalowa mu ofesi yake n'kupeza kaphini katsopano pa mapu, pakati penipeni pa mapiri athu. Anandiuza mosangalala kuti tauni imene anthu ake anazolowera kale kukonzetsa zinthu ndi munda wolimidwa kale, ife kwathu n'kungofesa. Apeza malo, shopu yakale ya nsapato ija ya pabwalo, moyang'anizana ndi khomo la bambo. Ndinakalipa, ndinapempha, koma anati tikapanda kutsegula ifeyo atsegula ena. Amene anawalozera njira ndine, pakamwa pangapa.

Ndinawaimbira bambo mu Febuluwale kuti asamve kwa anthu. Anangoti kodi zinkhwe zayamba kuulukira kumapiri, kenako anandifunsa ngati kuno kukugwa mvula. Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

Mu Epulo anandibweretsera mndandanda wa anthu asanu ndi atatu odzaphunzira sabata yotsatira. Dzina lachisanu linali Émile Chassang, zaka 73, wofuna shopu ya ku Saint-Flour. Ndinachotsa magalasi, ndinawapukuta, ndinawavalanso, dzina lili pomwepo. Anakalembetsa okha pa kompyuta ya ku laibulale, mayi wa kumeneko akuwathandiza. Ndinawaimbira kasanu, osayankha. Lamlungu masana ndinangomva belu. Kutsegula, ndi iwo, atakwera masitima atatu, munthu woti sanadutsepo Paris chichokereni ku usilikali. Dzanja lina bokosi lawo la zida, lina tchizi wa kwathu atamukulunga m'nyuzipepala.

Ndinawafunsa chimene abwerera. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Wanenepa. Ndiye wotchiyo imalemera choncho?"

Yankho lenileni anandipatsa tikudya. Ndinawauza kuti sakuyenera kudzizunza, zaka zawo n'zopuma. Anaika foloko pansi.

"Kupuma ndikapuma pafupi ndi amako. Tamvera iwe. Mayi Vidal samva khutu lakumanzere, ukamawauza kanthu umaima kumanja kwawo. A Rouchès amabweretsa wailesi yabwinobwino mwezi uliwonse chimwalirireni akazi awo. Ndimaitsegula, ndimaiuzira fumbi, timacheza, amapita. Chinkhwe chakocho chikawauza chiyani? Kuti palibe vuto, wotsatira abwere? Anthu anga akati aoloke bwalo kukalowa khomo linalo, akapeze ine m'katimo. Malaya ndivala, vuto palibe."

Ndinawadulira tchizi wawo yemwe uja.

Mukanaona masiku asanu amenewo, achemwali! Anakhala kutsogolo, pakati pa anthu oti angakhale adzukulu awo. Malaya obiriwira anawavala pamwamba pa chikhoti chawo chotuwa cha ntchito chija, mabatani akulira. Akafuna kufunsa ankakweza dzanja n'kunena kuti aphunzitsi, nkhope ili gwa, kalasi yonse n'kufa ndi phwete. Moni wathu woloweza uja ankaunena ngati katekisimu, maso ali kudenga. Koma pa tebulo panalibe wowaseka. Mafoni amakonowa anali asanawatsegulepo kwenikweni, timasikuluwu take timachepa kuposa njere za mpiru, koma pofika Lachitatu ena onse ankabwera kudzasuzumira mmene akugwirira. Manja awo sanjenjemera ngakhale pang'ono. Ndinaima kumbuyo kwawo n'kumva kafungo kaja ka chikhoti chawo, ka mtovu ndi fodya wakale, ndipo kwa kanthawi ndinaiwala kuti mphunzitsi ndine.

Lachitatu lomwelo ndinaphunzitsa lamulo lachiwiri lija. Ndinalinena katatu, ndikuwayang'ana iwo. Analemba m'kabuku kawo mosamala, n'kudula mzere pansi pake.

Pa mayeso athu pali msampha, ndipo wotchera wake ndine. Foni iliyonse ya mayeso ili ndi kawaya kamodzi kodyeka ndi dzimbiri pafupi ndi potchajira. Pa kapepala ka ntchito sitilembapo. Tikufuna tione ngati munthuyo akaona vutolo alemba n'kutseka, kapena ayamba kuligwira. Woligwira walephera, ngakhale atakhala ndi manja agolide.

Lachisanu m'mawa ndinagawa mafoni. Bambo anatembenuza yawo uku ndi uku n'kundifunsa kuti ndi ya ndani. Ndinati si ya munthu, ndi ya mayeso. Anati palibe chinthu chopanda mwini, koma chabwino. Ndinadina wotchi.

Anagwira ntchito modekha, osathamanga, osabwerera m'mbuyo. Pa mphindi 31 galasi latsopano linali litalowa, batire litalowa. Chotsala chinali kulemba mzere umodzi ndi kutseka. Mtima wanga unali ukuvina kale. Kenako ndinaona akuweramira pafupi, akukankhira magalasi awo m'mwamba. Anakaona kawayako. Anakayang'anitsitsa, kenako anadzutsa mutu n'kuyang'ana ine. Ankadziwa, achemwali. Sikuti anaiwala. Anawerama n'kutsegula bokosi lawo lija, n'kutulutsa chowotcherera chawo chakale cha chigwiriro chamtengo.

Ndinatsokomola. Ndinayenda n'kukaima pambali pawo. Ndinanena mokweza ngati ndikuuza onse kuti zatsala mphindi zisanu ndi zinayi, ndipo aliyense akumbukire zimene tinaphunzira Lachitatu.

"Ndamva, aphunzitsi," anatero osadzutsa mutu. "Tasunthani, mukunditchinga kuwala."

Ena onse anamaliza n'kutuluka. Tinatsala awiri. Anapala dzimbiri lonse, anadula podyekapo, analumikiza ndi kadontho kamodzi ka mtovu kosalala bwino, koti ine sindinakaonepo kwa wina aliyense mwa anthu amene ndawayesa. Anatseka foni, anaipukuta pa chikhoti, anailumikiza ku magetsi, n'kuyamba kutchaja. Foni imeneyo yadutsa m'manja mwa anthu oposa 100 m'zaka zitatu, aliyense akuitsekera matenda ake m'kati. Bambo anaichiritsa, ndipo pano ndilibenso foni yachisanu ya mayeso. Wotchi inali pa mphindi 58.

Driss anali atamva kuti bambo anga ali m'nyumbamo, ndipo anatsika kudzawapatsa moni. Anawagwira chanza ndi manja awiri, anawathokoza kuti anamulerera mnzake. Kenako anandikokera m'khonde n'kuona pepala langa lisanalembedwe.

"Lemba 39, wakumapiri iwe," anatero. "Za kawayazo usatchule. Adziwa ndani? Ndi bambo ako amenewa, aise. Ndipo taganiza, bambo ndi mwana wawo, onse m'malaya athu, chithunzi pa zikwangwani dziko lonse. Anthu adzalira!"

Ndinakhala ndi pepalalo ola lathunthu. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo iyi inali yanga. Ndikanalemba 39, bambo akanapeza chimene anayendera ulendo wonsewu. Koma ndinkawaona m'shopu yoyerayo, akuika m'bokosi zinthu zoti angazikonze ndi maso otseka, akuuza a Rouchès kuti wailesi sitilandira. Ndipo ndinkadziwa kuti sakanatero. Akanaotcherera tsiku loyamba lomwelo, mwezi wachitatu woyendera mashopu akanalemba lipoti, ndipo wodzawavula malayawo pamaso pa tauni yonse ndikanakhala ine. Komanso anthu asanu ndi awiri aja anaona zonse. Chaka chatha ndinalepheretsa mayi wina wa ana atatu pa kawaya komweko.

Mwina zonsezi ndi zifukwa chabe zodzitonthozera. Ndinalemba 58. Pansi pake ndinalemba kuti sanatsate lamulo lachiwiri. Ndinasaina dzina la banja lathu, lomwelo lili pa chikwangwani cha shopu yawo.

Madzulo ake sanandifunse, inenso sindinanene. Anakonza chitseko cha kabati yanga chimene chakhala chikulendewera zaka ziwiri, n'kupita kukagona. Loweruka m'mawa ndinawaperekeza ku siteshoni. Tinafika msanga monga mwa chizolowezi chawo, tinakhala pa benchi, bokosi la zida lili pakati pathu. Sitima itatsala mphindi khumi ndi pamene anandifunsa chimene ndalemba. Ndinawauza.

Anagwedeza mutu. "Ukanalemba bodza ndikanakukwapula ndi chipewa ichi pamaso pa anthu onsewa."

Ndinapuma, ndinkaganiza kuti zatha bwino. Ndinayamba kunena kuti ntchito yawo inali yokongola kuposa ya wina aliyense, kuti vuto ndi lamulo osati iwo. Anandidula ndi dzanja.

"Usandinyengerere, sindine mwana. Kawayako ndinakaona, ndinadziwa kuti ndi msampha wako. Ndinauza dzanja kuti lisiye, silinamve." Anayang'ana njanji. "Koma ndinkafuna kukhoza, Florent. Ndinkafunitsitsa. Usiku uliwonse kwanu kuja ndimaloweza moni wanu uja m'bafa."

Sindinawaonepo bambo akupempha kanthu kwa munthu, ndipo apanso sanapemphe. Anangonena. Anakwera sitima, anakhala mbali ya kutali ndi pamene ndinali, ndipo sanatembenuke. Ine ndinalira pa benchipo ngati mwana, mayi wina wosesa mpaka anandifunsa ngati andibera.

Chichokereni sanandiimbire. Ndikaimba amayankha, amati ali bwino, amandifunsa za mvula.

Shopu ya pabwalo apatsa bambo wina wa ku Clermont amene anamaliza pa mphindi 33. Ndi munthu waulemu, alibe chifukwa. Atsegula mu Sepitembala, ndi mabaluni obiriwira ndi khofi waulere, monga timachitira kulikonse. Achinyamata onse a m'tauni adzapita kumeneko, ndipo sindingawadzudzule. Kwa bambo kudzatsala a Rouchès ndi wailesi yawo yabwinobwino.

Lolemba, bambo atangochoka, ndinachita chinthu chopusa. Anthu atapita kukadya, ndinatenga foni ina ya mayeso n'kubwereka chowotcherera, kuti ndione ngati kawaya kaja ndingakalumikize. Ndinayesa katatu. Mtovu unangoti mbwee paliponse, ndinaotcha ndi pena pabwinobwino, foniyo inafa. Ine amene ndimaima kumbuyo kwa anthu n'kumawaweruza. Ndinakhala pamenepo ndikuyang'ana zala zanga, zosalala ngati za wansembe, ndipo ndinachita manyazi aakulu.

Sabata yatha ndinamuuza Driss kuti ndisiya ntchito kumapeto kwa Julayi. Poyamba anaseka. Ataona kuti sindikuseka anandiuza kuti ndikafa ndi njala kumapiriko, kuti shopu ya bambo singadyetse anthu awiri ngakhale popanda wopikisana naye, kuti ndapenga. Mwina akunena zoona. Masiku atatu sanandiyankhule. Tsiku lachinayi anabwera ndi masangweji awiri a soseji zokometsera zija tinkadya pamsika kale, tinadya, iye n'kutuluka. Mapanga awiri avumbwitsa, achemwali. Sindingakhale woyesa wa kampani imene ikukatseka khomo la bambo anga, n'kumabwera pa Khirisimasi kudzadya nawo ngati palibe chachitika.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Loweruka likubwerali, msika ukatha, nthawi imene amatsitsa chitsulo cha pawindo, mupite kushopu. Musatenge keke, musayambe ndi nkhani za bondo, adziwa kuti mwatumidwa. Muwauze kuti zonse mwazidziwa. Kenako muwafunse ngati angalandire wophunzira ntchito wa zaka 44, wonenepa, wovala magalasi, amene amadziwa m'kati mwa foni iliyonse yamakono koma manja ake anaiwala. Ine ndingawaphunzitse za mafoni atsopano zimene sanamalize m'masiku asanu aja, iwo andibwezere manja anga. Ngati shopuyo ili yoti itsekedwe, ndikufuna ndidzakhale m'katimo pamodzi nawo mpaka tsiku limenelo.

Ndikanawafunsa ndekha, koma pa foni adzandifunsa za mvula, ndipo ine ndidzayankha za mvula.

Ndikudziwani, achemwali, mumakonda kuthira shuga. Ulendo uno ayi. Chimene akanene mundilembere momwemo, mawu ake enieniwo. Nyumba kuno ndauza kale mwini wake kuti ndituluka, kuntchito ndatsanzika kale, ndiye musaganize kuti pondibisira mundithandiza. Akati ndibwere, ndibwera. Akati akufuna andiyese kaye, andiyese, ndipo ndikuuziranitu kuti ndilephera. Akati ayi, mulembe kuti ayi. Ine ndinawalembera zoona popanda chifundo, nawonso ali ndi ufulu wondilembera zanga.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Hervé, muwauze asiye kusuta mobisala m'khola, tonse tikudziwa. Moni kwa mwana wathu Clémence ndi amuna ake, ndi kakhanda kaja kamene sindinakanyamulebe. Azakhali a Ginette muwauze kuti masokosi aja anafika ndipo ndi aakulu ngati a chaka chatha. Mukapita kumanda mukachotseko udzu pa amayi m'malo mwanga.

Bambo musawapatse moni wanga. Muwapatse funsolo basi, ndipo mudikire mpaka ayankhe, ngakhale atenge nthawi yaitali bwanji.

Ndine mlongo wanu wokusowani,

Florent